Mpando wa mphunzitsi wamkulu: zikho zokha si muyeso wokwanira

BLANTYRE: Nthawi iliyonse pamene mpando wa mphunzitsi wamkulu wasowa mwini ku timu ya Bullets, ya Wanderers kapena ku timu ya dziko lino ya Flames, mkangano umabuka m'makwalala a Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri. M'maminibasi, m'misika ndi m'malo ometera tsitsi anthu amatchula maina, ndipo ena mwa mainawo amakhala a aphunzitsi amene adachita bwino ndi matimu a achinyamata, a m'sukulu kapena a m'makoleji. Funso limakhala lomwelo chaka ndi chaka: kodi munthu amene wapambana ndi ana angathenso kupambana ndi akuluakulu?

Zimene zachitika m'masewero a dziko lino kuyambira m'chaka cha 2007, pamodzi ndi zimene zachitika pa masewero a basketball ku America komwe funsoli layesedwa kwa zaka zambiri, zikusonyeza kuti kuwerenga zikho zimene munthu adatenga sikupereka yankho lokwanira. Amene akulemba ntchito ayenera kufufuza chimene chidamupambanitsa mphunzitsiyo kumene akuchokera, kenaka n'kuona ngati chinthu chimenecho akachipeza kumene akupita.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza boma

Ena angaganize kuti kusankha mphunzitsi ndi nkhani ya ochemerera mpira okha. Komabe mabungwe oyendetsa masewero, monga Football Association of Malawi lomwe limadziwika kuti FAM, amalandira gawo lina la thandizo lawo kuchokera ku boma kudzera ku khonsolo ya zamasewero ya Malawi National Council of Sports. Ndalama zimenezi n'zamisonkho ya anthu. Mphunzitsi akasankhidwa molakwika, kapena akachotsedwa molakwika, chuma chimene chikadagula mipira ndi kukonza mabwalo chimathera pa kulipira chipukutamisozi.

Chitsanzo chake sichili patali. A Meck Mwase, amene FAM idawachotsa pa mpando wa mphunzitsi wa Flames m'chaka cha 2022, adakadandaula ku bwalo la milandu ya zantchito la Industrial Relations Court, ndipo m'chaka cha 2024 bwalolo lidagamula mowakomera n'kulamula kuti alipidwe. Lamulo la zantchito la Employment Act la chaka cha 2000 limanena kuti wogwira ntchito asachotsedwe popanda chifukwa chomveka chokhudza luso lake, khalidwe lake kapena kayendetsedwe ka ntchitoyo, ndiponso kuti pa nkhani ya luso kapena khalidwe apatsidwe mpata wodziteteza. Mphunzitsi wa mpira ndi wogwira ntchito monga wina aliyense. Mkwiyo wa ochemerera pa bwalo la Kamuzu sungakhale umboni pamaso pa woweruza.

Ntchito ziwiri zosiyana

Pofuna kuweruza bwino, m'pofunika kuyamba kuona kusiyana kwa ntchito ziwirizi. Mphunzitsi wa achinyamata, kaya ali pa sukulu ya sekondale, pa koleji kapena pa bwalo lafumbi ku Machinjiri, amakhala ngati kholo. Anyamata ndi atsikana amamumvera chifukwa ndiye amene ali ndi mpira, yunifolomu ndi mwayi wowatsegulira njira. Ntchito yake yaikulu ndi kuphunzitsa zoyambira: kaimidwe, kapatsiridwe, kulimbitsa thupi ndi mwambo. Akagonja Loweruka, palibe wailesi imene imamuzenga mlandu Lolemba, ndipo amakhala ndi zaka zingapo zoumbira wosewera mmodzi.

Ku timu yaikulu zinthu zimatembenuka. Osewera ndi anthu a mabanja awo, ali ndi migwirizano ya ntchito, ena adasewerapo kunja ndipo ali ndi maganizo awoawo pa kaseweredwe. Mphunzitsi ayenera kuuza katswiri wokondedwa ndi ochemerera kuti lero ayambira panja, koma mawa lake n'kumupezabe akulimbikira pa zokonzekera. Ayeneranso kuyankha mafunso a atolankhani, kumvana ndi komiti yoyendetsa timu, kukondweretsa kampani yothandiza ndi ndalama, ndiponso kukonzekera maulendo aatali monga wa ku Karonga pomwe masewero ena akudikira ku Blantyre patangopita masiku ochepa. Ku timu ya dziko nthawi imachepa kwambiri, pakuti osewera a kunja amafika kutangotsala masiku owerengeka kuti masewero achitike. Pamenepo luso lophunzitsa pang'onopang'ono silipeza malo, ndipo chofunika chimakhala kusankha msanga ndi kugwirizanitsa anthu amene sasewera limodzi.

Phunziro la basketball ku America

Dziko limene layesa funsoli kawirikawiri ndi United States, komwe masewero a basketball a m'makoleji amakopa anthu miyandamiyanda, ndipo aphunzitsi ake amatchuka kuposa nduna. Matimu a ligi yaikulu ya NBA akhala akukopa aphunzitsi amenewa ndi malipiro apamwamba, koma zotsatira zake zakhala zosiyanasiyana.

A Rick Pitino adatenga chikho cha makoleji ndi yunivesite ya Kentucky m'chaka cha 1996. Chaka chotsatira timu ya Boston Celtics idawapatsa mpando wa mphunzitsi pamodzi ndi mphamvu zoyendetsa nkhani zonse za osewera. Pamene amatula pansi udindo mu Januwale 2001, adali atapambana masewero 102 ndi kugonja 146. A John Calipari, amene adatchukitsa yunivesite ya Massachusetts, adapita ku New Jersey Nets mu 1996 ndipo adachotsedwa mu 1999, koma atabwerera ku makoleji adatenga chikho ndi Kentucky mu 2012. A John Beilein adachoka ku yunivesite ya Michigan mu 2019 kupita ku Cleveland Cavaliers, ndipo adasiya ntchito mu Febuluwale 2020 atapambana masewero 14 okha mwa 54.

Onsewa adali akatswiri osakayikitsa. Vuto lidali lakuti zimene zinkawapambanitsa ku koleji sadazipeze ku NBA. Ku koleji mphunzitsi amayenda yekha m'makomo kukopa achinyamata aluso, ndipo koleji yotchuka imapeza osewera abwino chaka chilichonse. Ku NBA osewera atsopano amagawidwa motsata malamulo a ligi, ndipo akatswiri ambiri amalandira ndalama zoposa za mphunzitsi wawo. Ku koleji timu imasewera masewero osaposa 40 kwenikweni pa chaka, zomwe zimapereka nthawi yambiri yokonzekera, pomwe ku NBA masewero a ligi okha ndi 82. Mphunzitsi amene mphamvu yake idali kukopa ana ndi kuwaphunzitsa kwa maola ambiri amapezeka kuti zida zake zonse ziwiri zatsala m'mbuyo.

Komabe alipo ena amene adawoloka bwino. A Larry Brown adatenga chikho cha makoleji ndi Kansas mu 1988 ndiponso cha NBA ndi Detroit Pistons mu 2004. A Brad Stevens adafikitsa koleji yaing'ono ya Butler mu ndime yomaliza kawiri, mu 2010 ndi 2011, ndipo maulendo onse awiri adagonja. Ngakhale adalibe chikho chimenecho, Boston Celtics idawalemba ntchito mu 2013 pa mgwirizano wa zaka zisanu ndi chimodzi. Chaka choyamba adapambana masewero 25 okha mwa 82, koma eni timu sadagwedezeke, ndipo pa zaka zisanu ndi ziwiri zotsatira timuyo sidaphonyepo ndime ya chipulula.

Kusiyana kwa a Stevens ndi anzawo kuli pa zinthu ziwiri. Kupambana kwawo ku Butler kudachokera pa kukonza kaseweredwe ndi osewera amene makoleji akuluakulu adawanyalanyaza, ndipo luso lotere munthu amayenda nalo kulikonse. Chachiwiri n'chakuti owalemba ntchito ankadziwa kuti akumanga timu yatsopano, choncho adapereka nthawi yogwirizana ndi ntchitoyo.

Njira yochokera ku Chilomoni

Kuno kwathu chitsanzo chooneka bwino ndi cha a Peter Mponda, amene adali kaputeni wa Flames pa mpikisano wa Africa Cup of Nations ku Angola m'chaka cha 2010. Atasiya kusewera adatsogolera sukulu ya mpira ya Surestream imene idakhazikika pa bwalo la ku Chilomoni lomwe kale linkadziwika ndi dzina la MDC. Timu yochokera m'sukuluyo, imene pambuyo pake idatchedwa Wizards, idasewera mu ligi yaikulu ya Super League koma idatuluka m'ligiyo m'chaka cha 2017.

Munthu woyang'ana zotsatira zokha akadatseka buku la a Mponda pomwepo. Iwo sadathamangire mpando wina waukulu. Adakakhala wachiwiri kwa a Kalisto Pasuwa ku Bullets kwa zaka zingapo, m'kati mwa nthawi imene timuyo idatenga ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023. Kumeneko adaona pafupi mmene timu yokhala ndi ochemerera ambiri imayendetsedwera, mmene akatswiri amagwiridwira, ndi mmene masewero a CAF amakonzekeredwera. M'chaka cha 2024 Silver Strikers ya ku Lilongwe idawapatsa mpando wa mphunzitsi wamkulu, ndipo adatenga ligi imene timuyo idali isadaitengepo chiyambire 2013. Kumayambiriro kwa 2025, a Pasuwa atachoka, Bullets idawaitana kuti atenge mpando wa mphunzitsi wamkulu.

Chisankho chilichonse chimaweruzidwa potengera umboni umene udalipo pa tsiku losankha. Pa tsikulo akuluakulu a Bullets adali ndi zinthu zitatu patebulo: munthu wodziwa kuumba achinyamata, munthu amene adakhala zaka zingapo m'chipinda chovalira cha timu yaikulu, ndiponso munthu amene adali atasonyeza kuti angathe kuima payekha. Umboni woyamba wokha sukadakwanira. Mbiri imeneyi ikuphunzitsanso kuti zotsatira za m'munsi zimanamiza mbali zonse ziwiri. Kutuluka m'ligi ndi timu ya anyamata yosowa ndalama sikudasonyeze kuti mphunzitsiyo alibe luso, monganso kupambana ndi timu yolemera kuposa zinzake sikusonyeza kuti luso lilipo.

Atatu amene adakwera kuchokera ku matimu a achinyamata

Pa zaka khumi zokha, FAM idakweza aphunzitsi atatu amene adagwirapo ntchito ndi matimu a dziko a achinyamata kuti atsogolere Flames. Nkhani ya aliyense ikuonetsa mbali ina ya vutoli.

A Ernest Mtawali, amene adatchuka ku South Africa ndi ku Toulouse m'dziko la France ali wosewera, adapatsidwa mpandowu m'chaka cha 2015 atachokera ku timu ya osapitirira zaka 20. Adabwera ndi maganizo omanga timu yatsopano yodalira achinyamata, zomwe zidali zogwirizana ndi kumene adachokera. Koma mgwirizano wawo udali wa chaka chimodzi, ndipo m'chaka cha 2016 adachoka. Kumanga timu kumafuna zaka zitatu kapena zinayi. Munthu wopatsidwa khasu kuti adzale mitengo sangafunsidwe matabwa pakutha pa dzinja limodzi.

A Meck Mwase adalowa m'chaka cha 2019 mgwirizano wa a Ronny Van Geneugden a ku Belgium utatha. Pa 29 Malichi 2021 Flames idagonjetsa Uganda 1-0 pa bwalo la Kamuzu ndi chigoli cha Richard Mbulu, ndipo Malawi idadzigulira malo ku Africa Cup of Nations kachitatu m'mbiri yake. Mpikisanowo usadayambe, FAM idaika a Mario Marinica a ku Romania patsogolo. Ku Cameroon mu Januwale 2022, a Marinica atapezeka ndi matenda a Covid-19, a Mwase ndiwo adatsogolera timu pamene idagonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi zigoli za Gabadinho Mhango. Flames idafika mu ndime ya matimu 16 kwa nthawi yoyamba, n'kugonja 2-1 kwa Morocco. Patangopita miyezi yochepa a Mwase adachotsedwa. A Marinica nawo adachoka mu 2023 Flames itagonja kawiri kwa Egypt, 2-0 ndi 4-0. Apa muyeso udasintha ntchito ili m'kati, ndipo mapeto ake adali ku khoti.

A Patrick Mabedi, amene adakhalapo kaputeni wa Kaizer Chiefs ndipo adaphunzitsa timu ya dziko ya osapitirira zaka 20, adayamba ngati wogwirizira mu 2023. Chaka chomwecho adafikitsa Flames mu ndime ya matimu anayi pa chikho cha COSAFA ku Durban, ndipo adapatsidwa mgwirizano wa zaka ziwiri. Mu Okotobala 2024 adachotsedwa timu itagonja masewero anayi otsatizana kwa Burundi, Burkina Faso ndi Senegal kawiri. Chikho cha COSAFA ndi mpikisano wa masabata awiri womwe maiko ambiri amatumizako osewera a m'maligi a kwawo. Kukumana ndi Senegal yodzaza ndi osewera a ku Ulaya ndi mayeso amtundu wina. Umboni wa mpikisano waufupi udagwiritsidwa ntchito poyeza ntchito imene sudafanane nayo.

Pa nkhani zitatuzi palibe imene ikutsimikizira kuti mphunzitsi wa achinyamata sangathe. Zonse zikuloza kwa olemba ntchito: nthawi yosakwanira, muyeso wosinthasintha, ndi umboni wosayenderana ndi mpando.

Dzina ndi chiphaso cha dziko

Pali miyeso ina iwiri imene imamveka kwambiri m'makwalala. Woyamba ndi wakuti amene adali wosewera wotchuka adzakhalanso mphunzitsi wabwino. Wachiwiri ndi wakuti wochokera kunja amadziwa zambiri kuposa wa kuno.

A Kinnah Phiri amatchulidwa kawirikawiri pochirikiza muyeso woyamba, pakuti adali wogoletsa wamkulu wa Bullets ndi Flames m'zaka za m'ma 1970. Komatu pamene amatenga Flames mu 2008 adali atakwera makwerero onse. Adaphunzitsapo ku Swaziland, dziko lomwe tsopano likutchedwa Eswatini, adafikitsa Bullets mu ndime ya magulu ya CAF Champions League mu 2004, ndipo adaphunzitsanso Free State Stars ku South Africa. Pamene Flames imagonjetsa Egypt 1-0 ku Blantyre mu Juni 2008, ndi Algeria 3-0 ku Luanda mu Januwale 2010, idali m'manja mwa munthu amene adali atagwira ntchito ndi osewera akuluakulu kwa zaka zambiri. Zigoli zimene adagoletsa ali mnyamata zidawapatsa ulemu pamaso pa osewera, ndipo luso lophunzitsa adachita kulipeza pa ntchito.

Pa nkhani ya ochokera kunja, a Stephen Constantine a ku England, amene adali ataphunzitsapo matimu a dziko a Nepal ndi India, adakhala pa mpando wa Flames kuyambira 2007 mpaka 2008 ndipo adachoka zinthu zisadayende. A Van Geneugden adatha zaka ziwiri osafikitsa timu ku mpikisano waukulu. Koma a Pasuwa, mlendonso wochokera ku Zimbabwe, adakolola zikho ku Bullets, ndipo mu 2025 FAM idawapatsa mpando wa Flames. Iwo asadabwere adali atatenga ligi kanayi motsatizana ndi Dynamos ya ku Harare kuyambira 2011 mpaka 2014, timu ya ochemerera ambiri ndi osaleza mtima monga a ku Ndirande, ndipo adali atatsogolera Zimbabwe ku Africa Cup of Nations ya 2017. Ntchito imene adaipeza ku Blantyre idali yofanana ndi imene adaisiya ku Harare. Kufanana kwa ntchito ndiko kudawathandiza, ndipo chiphaso cha dziko chidalibe gawo pa zimenezi.

Zimene matimu a m'matauni akuphunzitsa

Matimu ang'onoang'ono a m'matauni a Blantyre akuonetsa mbali ina ya nkhaniyi. Ntopwa ya ku Bangwe idalowa mu Super League mu 2019 ndipo idatuluka mu 2021. Bangwe All Stars idalowa mu 2023, idatuluka mu 2024, ndipo pa nthawi yochepayo idasintha aphunzitsi kangapo. Timu yotere ikakwera, imakumana ndi matimu othandizidwa ndi makampani akuluakulu, asilikali, apolisi ndi boma. Osewera ake abwino amagulidwa msanga ndi matimu olemera. Mphunzitsi amasenza mlandu wa zotsatira pomwe gwero la vuto lili m'thumba la timu. Amene akufuna kuweruza mphunzitsi wochokera ku timu ngati imeneyi ayenera kufunsa kaye kuti adapatsidwa chiyani asadafunse kuti adakolola chiyani.

Mbali inayo ikuoneka pa timu yachisodzera ya Bullets, imene motsogozedwa ndi a Enos Chatama idafika mu ndime yomaliza ya chikho cha FDH Bank mu 2022 n'kukumana ndi akulu ake omwe. Chidali chinthu chosowa, ndipo chidasonyeza luso loumba osewera. Komabe timu yachisodzera ya Bullets imakopa anyamata aluso kuchokera m'madera ambiri chifukwa cha dzina la timu yaikulu, monga momwe makoleji otchuka a ku America amachitira. Woweruza mwanzeru amayamikira zotsatirazo, kenaka amadikira kuona mphunzitsiyo ali ndi timu ya akuluakulu, monga momwe a Chatama adapezera mwayi wotsogolera Ekhaya mu ligi yaikulu m'chaka cha 2025. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo njira yodziwira ndi kuung'amba.

Basketball ya kuno ili pa mphambano yomweyo

Masewero a basketball m'dziko muno adakulira m'sukulu ndi m'makoleji, ndipo ku Blantyre bwalo la Blantyre Youth Centre lakhala likulu lawo kwa zaka zambiri. Aphunzitsi ambiri a masewerowa adayambira pa matimu a ophunzira. Chiyambire 2021, pamene NBA ndi bungwe la FIBA adakhazikitsa ligi ya Basketball Africa League yomwe masewero ake oyamba adachitikira ku Kigali, matimu a mu Africa ali ndi mpikisano wa akatswiri olipidwa woti aulakelake. Timu ya Bravehearts ya ku Lilongwe, motsogozedwa ndi a Griffin Kalua, idayimirapo dziko lino m'masewero odzigulira malo mu ligi imeneyi. Boma nalo lidamanga nyumba ya masewero ku Lilongwe pokonzekera mpikisano wa achinyamata wa Region 5 wa mu Disembala 2022, ndipo lidaipatsa dzina la a Griffin Saenda, mphunzitsi wa mpira wa ntchemberembaye.

Pamene masewerowa akukula, bungwe la Basketball Association of Malawi ndi matimu ake azikumana ndi funso lomwe FAM yalimbana nalo. Mphunzitsi wa timu ya koleji amataya osewera ake akamaliza maphunziro, amakonzekera motsata kalendala ya sukulu, ndipo amadalira ulamuliro umene sukulu ili nawo pa ophunzira. Timu yopita ku mpikisano wa mu Africa imafuna munthu wotha kugwirizanitsa osewera olipidwa, ena ochokera kunja, m'masabata ochepa. Mwayi wa basketball ndi wakuti ingathe kuphunzira pa zolakwa za mpira wa miyendo isadalipire mtengo womwewo.

Mafunso oyenera kufunsa

Kuchokera pa zitsanzo zonsezi, komiti iliyonse yolemba mphunzitsi ingapindule itatsata ndondomeko imene ogwira ntchito m'boma amaidziwa kale pa maudindo ena.

Choyamba ndi kulemba ntchitoyo dzina la munthu aliyense lisadatchulidwe. Komiti igwirizane ngati ikufuna womanga timu yatsopano kapena wotenga chikho chaka chomwecho, pakuti awa ndi anthu awiri osiyana. Kutalika kwa mgwirizano kuyenderane ndi yankho limenelo.

Chachiwiri ndi kufufuza gwero la kupambana kwa wopemphayo. Kodi timu yake idali ndi ndalama ndi osewera oposa anzake, kapena idapambana ili yochepa mphamvu? Kodi osewera amene adadutsa m'manja mwake ali kuti lero? Mphunzitsi amene anyamata ake akusewera m'matimu akuluakulu wasiya umboni wolimba kuposa chikho cha mpikisano wa sabata imodzi.

Chachitatu ndi kuona ngati adagwirapo ntchito ndi osewera akuluakulu, ngakhale ngati wachiwiri kwa wina. Apa kufunsa amene adagwira naye ntchito, monga makaputeni akale, madokotala a timu ndi alembi, kumaulula zambiri kuposa mayeso apakamwa a ola limodzi. Safunsa adadya phula.

Chachinayi ndi mapepala. Ziphaso za uphunzitsi za CAF n'zofunika, ndipo malamulo a ziphaso za matimu amazifuna kuti munthu akhale pa benchi m'masewero akuluakulu. Chiphaso chimasonyeza kuti munthu adaphunzira ndipo n'ngololedwa kupempha ntchitoyo, koma pakati pa anthu asanu okhala ndi chiphaso chofanana komiti iyenerabe kusankha mmodzi pa zifukwa zina.

Chachisanu chikukhudza olemba ntchito eni ake. Mphunzitsi auzidwe poyera kuti adzagula osewera ndani, adzasankha omuthandiza ndani, ndiponso ngati malipiro a osewera adzafika pa nthawi yake. Zolinga zilembedwe m'mgwirizano pamodzi ndi nthawi yoziwunikira ndi njira yothetsera mgwirizanowo motsata lamulo. Komiti imene yalemba zimenezi imadziteteza ku khoti, komanso imapeza choyankha ochemerera akayamba kufuula timu itagonja kawiri.

Makwerero amene akusowa

M'mabwalo a sukulu za ku Ndirande, Zingwangwa ndi Machinjiri muli aphunzitsi ambiri amene madzulo aliwonse amasonkhanitsa ana popanda malipiro. Ambiri mwa osewera amene adavalapo yunifolomu ya Flames adayambira m'manja mwa anthu otere. Pakati pa bwalo lafumbi ndi benchi ya pa Kamuzu pali mtunda wautali, ndipo m'dziko muno makwerero ake ndi ochepa. Njira imene a Mponda adadutsa, yoyamba ndi achinyamata, kenaka kukhala wachiwiri, kenaka kuima paokha, idachitika chifukwa cha khama lawo ndi mwayi, popanda dongosolo lokhazikika lowatsogolera.

Apa m'pamene unduna woona zamasewero, khonsolo ya zamasewero ndi mabungwe ake angaikepo dzanja. Maphunziro a uphunzitsi angafikitsidwe m'matauni ndi m'maboma pa mtengo umene mphunzitsi wa pa sukulu angaukwanitse. Matimu a mu ligi yaikulu angalimbikitsidwe kutenga aphunzitsi a achinyamata kukhala othandizira kwa chaka chimodzi kapena ziwiri. Mabungwe angasunge kaundula wa aphunzitsi onse wosonyeza matimu amene adaphunzitsa ndi osewera amene adatulutsa. Zoterezi zitachitika, mpando ukadzasowanso mwini, komiti idzakhala ndi maina a anthu oyesedwa kale pamodzi ndi umboni wolembedwa woti iwerenge isadasankhe.